Kodi yunivesite isunge chiyani, itaye chiyani? Mafunso ndi mayankho pa zolembedwa za m'sukulu za ukachenjede

Tikamati zolembedwa za yunivesite, kodi tikunena mabuku a mulaibulale?

Ayi, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kumeneku. Buku la mulaibulale lili ndi anzake. Likapsa ku Mzuzu, lina lofanana nalo lilipo ku Zomba, ku Lusaka kapena kwa amene analisindikiza, ndipo ndalama zikapezeka ligulidwanso. Zolembedwa zimene tikukamba pano ndi zija zimabadwa pamene yunivesite ikugwira ntchito zake za tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri mwa izo zilibe zinzake kwina kulikonse: fomu imene wophunzira anadzaza tsiku lolembetsa, pepala la malikisi limene mphunzitsi anasaina, maminitsi a msonkhano wa seneti umene unavomereza kuti uje wakhoza ndipo uje abwereze, kalata yolembera munthu ntchito, mgwirizano ndi kontirakitala amene anamanga hositelo, risiti ya fizi, mapu osonyeza momwe mapaipi a madzi anadutsa pansi pa nthaka, ngakhalenso imelo imene mkulu wa dipatimenti analoleza nayo kuti mayeso alembedwenso. A m'maofesi amangoti marekodi. Pepala lotere mtengo wake ndi wakuti ndi mboni. Limanena kuti chakuti chinachitika, tsiku lakuti, mwa chilolezo cha wakuti.

Taganizirani za digiri. Pepala lokongola lija munthu amalandira atavala mkanjo, achibale akululutira, palokha lilibe mphamvu, poti aliyense wodziwa makina osindikizira akhoza kupanga lofanana nalo. Mphamvu yake ili pa zimene zinatsalira ku ofesi ya Registrar. Mmalawi akafuna ntchito ku Johannesburg, bungwe la SAQA limayamba launika maphunziro ake, ndipo mboni yomaliza ndi sukulu imene anaphunzirako. Namwino wopita ku Britain amakumana ndi zomwezo. Sukuluyo ikalephera kupeza dzina lake m'kaundula, zaka zonse zimene munthuyo anakhala akugona mochedwa powerenga zasanduka nkhani ya pakamwa chabe. N'chifukwa chake kusunga marekodi sindikuyesa ntchito ya pambali yoti apatsidwe kalaliki amene alibe chochita. Ndi mbali ya lonjezo limene yunivesite imapanga tsiku limene yalandira fizi ya wophunzira.

Koma vuto lenileni si kusowa kwa malo ndi ndalama?

Malo ndi ochepadi, ndipo ndalama sizikwana. Palibe angatsutse zimenezo. Koma lowani m'chipinda chimodzi mwa zija zimapezeka kuseri kwa maofesi ambiri a sukulu zikuluzikulu, muone chimene chadya malowo. Makatoni afika kudenga. Mmenemo muli mapepala oyankhira mayeso a ophunzira amene anamaliza sukulu kalekale, omangidwa ndi chingwe m'mitolomitolo. Muli makope khumi a lipoti limodzi. Muli mafomu a anthu amene anafunsira malo koma sanatengedwe. Muli timakalata todziwitsa za msonkhano umene unachitika n'kuiwalika. Katoni ya pansi yayamwa chinyezi cha simenti, chiswe chayamba kumanga njira zake pakhoma, ndipo penapake pakati pa muluwo pali fayilo imodzi yokhala ndi malikisi osainidwa a kalasi yonse, imene palibe akudziwa kuti ili pamenepo. Mukamangira anthu awa chipinda china chachikulu, pakapita zaka zochepa chidzadzanso chimodzimodzi.

Chosowa m'chipinda chotere ndi chigamulo. Palibe amene ananena, molemba komanso nthawi isanafike, kuti pepala la mtundu wakuti lisungidwe zaka zingati, ndi ofesi iti, ndipo nthawi ikakwana lichitidwe chiyani. Popanda chigamulo chotere, kalaliki wanzeru sataya kanthu, chifukwa akataya n'kupezeka kuti chinali chofunika mlandu ugwera iye. Ndiye zinthu zimaunjikana mpaka tsiku limene bwana watsopano afuna chipindacho chikhale ofesi, n'kulamula kuti zonse zituluke pofika Lachisanu. Pamenepo mapepala amatayidwa mwachisawawa, ofunika ndi osafunika limodzi, ndipo wosankha amakhala mesenjala ndi wilibala yake. Kuunjika zonse ndi kutaya zonse ndi matenda amodzi. Mankhwala ake ndi ndondomeko yolembedwa yonena nthawi yosungira mtundu uliwonse wa zolembedwa, ndipo mtengo wake waukulu ndi nthawi ya anthu okhala pansi n'kugwirizana, osati simenti ndi malata.

Bwanji osangosunga zonse kuti pasadzakhale kudandaula?

Maganizo amenewa amamveka ngati kusamala, ndipo amene amawanena ali ndi mfundo imodzi yoona: madzi akatayika sawoleka. Koma kusunga chinthu kumatanthauza kutha kuchipeza tsiku limene chafunika. Fayilo imene ili m'nyumba koma singapezeke m'masabata atatu, kwa munthu amene ntchito ikumudikira kunja, ili ngati yotayika. Katoni iliyonse ya zosafunika imene yawonjezeredwa pa mulu imakwirira zofunika zija mozama. Imadyanso chisamaliro. Yunivesite ilibe mashelefu achitsulo okwanira zonse, ilibe mankhwala a chiswe okwanira zipinda zonse, ilibe anthu oti alembe mndandanda wa chilichonse. Zochepa zimene ili nazo zikagawidwa mofanana pakati pa maminitsi a khonsolo ndi mafomu opemphera galimoto, zonse ziwiri zimasamalidwa mwatheka.

Palinso ngozi ina imene anthu sayiganizira msanga. M'mafayilo a yunivesite muli zinsinsi za anthu: kalata ya dokotala yofotokoza chifukwa chimene wophunzira analepherera kulemba mayeso, mlandu wa mwambo umene munthu anapalamula ali ndi zaka 19, mbiri ya umphawi wa pabanja imene analemba popempha thandizo la fizi. Zimenezi zinali ndi ntchito pa nthawi yake. Patapita zaka 25, munthuyo ndi kholo, mwina ndi mtsogoleri wa mpingo kapena woimira anthu, ndipo pepala lija likadali m'katoni yosatsekedwa imene aliyense wosesa angatsegule. Si zachilendo m'misika yathu kugula mandasi kapena mtedza wokulungidwa m'pepala lochokera mu ofesi ina yake. Yunivesite imene imasunga zinsinsi za anthu popanda chifukwa yawaika anthuwo pa mbalambanda, ngakhale itakhala kuti sinafune kutero.

Nanga ndondomekoyo imaoneka bwanji, ndipo amaipanga ndani?

Si buku lalikulu. Ndi mndandanda wa mitundu ya zolembedwa, ndipo pa mtundu uliwonse pamayankhidwa mafunso ochepa: kope lenileni limakhala mu ofesi iti, lisungidwa nthawi yaitali bwanji, nthawiyo iyamba kuwerengedwa liti, ndipo ikatha liwonongedwa kapena lipita kosungira zakale. Funso la kope lenileni ndi limene limachotsa mulu waukulu. Ngati zadziwika kuti maminitsi a seneti mwini wake ndi ofesi ya Registrar, ndiye kuti makope amene ali kwa Dean aliyense ndi mkulu wa dipatimenti iliyonse akhoza kutayidwa akatha ntchito popanda mantha. Funso la poyambira kuwerenga ndi limene ambiri amaphonya. Fayilo ya wogwira ntchito siwerengedwa kuchokera tsiku limene inatsegulidwa, koma kuchokera pamene munthuyo wachoka ndipo za penshoni yake zatha, chifukwa mikangano ya penshoni imabuka munthu atapuma kale, nthawi zina atamwalira, amasiye ndi amene akuyenda m'maofesi.

Fayilo ya wophunzira ndi chitsanzo chabwino, chifukwa mkati mwake muli zinthu za moyo wosiyana. Mtima wake ndi waung'ono: dzina lonse, nambala yake ya pasukulu, tsiku lobadwa, maphunziro amene anatenga, malikisi ovomerezedwa ndi seneti, digiri imene anapatsidwa ndi tsiku lake. Zimenezi zisungidwe mpaka kalekale, popanda kukambirana. Zotsalazo, monga makalata opempha chipinda ku hositelo, malisiti, ndi zodandaula zimene zinathetsedwa, zikhoza kuchoka pakapita zaka zowerengeka. Mayunivesite ambiri a ku Britain amasunga fayilo yonse zaka 6 wophunzira atachoka, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene lamulo la kumeneko limapereka yoti munthu asumire pa nkhani ya mgwirizano, kenako amatsala ndi mtima uja wokha. Ife sitiyenera kukopera nambala yawoyo. Chofunika kutengapo ndi kaganizidwe kake, koti nthawi yosungira ichokere ku lamulo ndi ku ntchito ya pepalalo, osati ku kukula kwa chipinda. Mapepala oyankhira mayeso, amene ndi amene amadzaza zipinda kwambiri, ntchito yawo imatha pamene nthawi yodandaula za malikisi yadutsa ndipo oyesa ochokera kunja aona zimene amafuna. Kusungapo ochepa ngati chitsanzo cha momwe mayeso ankayendera n'kwanzeru. Kusunga onse kulibe phindu.

Opanga ndondomekoyi akhale anthu amene amagwira mapepalawo: a ku registry, a zachuma, oona za ogwira ntchito, a makompyuta, loya wa sukulu, odita, ndi katswiri wa zosunga zolembedwa. Akatswiri oterewa m'dziko muno alipo. Mzuzu University yakhala ikuphunzitsa maphunziro a zamalaibulale ndi kasungidwe ka zolembedwa kwa zaka zambiri. Koma ikatha kulembedwa ivomerezedwe ndi khonsolo ya yunivesite, chifukwa ndi chilolezo cha pamwamba chokha chimene chingamasule kalaliki ku mantha aja.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili yofulumira ku Malawi makamaka panopa?

Chifukwa masukulu athu asintha mayina ndi eni kangapo, pamene anthu amene anaphunziramo akadali moyo ndipo akufunabe mapepala awo. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Posakhalitsa inatenga Polytechnic, Bunda, koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, ndipo Soche Hill ndi Mpemba zinalowa mmenemo n'kusiya kukhala makoleji paokha. Kamuzu College of Nursing inalowa mu 1979, College of Medicine mu 1991. Kenako mtolowo unayamba kumasuka: Bunda inachoka n'kukhala LUANAR mu 2012, ndipo pa 4 May 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, makoleji awiri a zaumoyo aja anaphatikizana kukhala KUHeS, dzina la University of Malawi n'kutsalira ku Zomba. Kusamuka kulikonse ndi kugawana kulikonse kumanyamula makabati, ndipo aliyense amene anasamukapo nyumba amadziwa kuti katundu amasowa pa tsiku losamuka.

Tiyerekeze mayi amene anamaliza maphunziro a zowerengera ndalama ku Polytechnic mu 1994. Digiri yake ili ndi dzina la University of Malawi. Makalasi amene anaphunziramo lero ndi a MUBAS. Malikisi ake anachokera kwa aphunzitsi a ku Blantyre, koma seneti imene inawavomereza inali ya yunivesite yonse, yomwe likulu lake linali ku Zomba. Dzina limene analembetsa nalo ndi la kwa makolo ake, ndipo panopa amadziwika ndi la kwa mwamuna wake. Chiphaso cha unzika chimene ali nacho chinabwera ndi kalembera wa mu 2017, choncho nambala yake simupezeka m'kaundula wa nthawi imeneyo. Mayiyu akafuna transcript, chikalata cha malikisi ake onse, agogode khomo liti, ndipo makope awiri akasiyana, loona ndi liti? Funso limeneli liyenera kukhala ndi yankho lolembedwa, losainidwa ndi masukulu onse okhudzidwa, lopachikidwa poti aliyense aone. Kudalira kuti wogwira ntchito wakale wa ku registry akukumbukira kumene mafayilo a chaka chimenecho anaikidwa n'kumanga nyumba pa mchenga, chifukwa tsiku limene adzapume adzapita nacho chidziwitsocho kumudzi.

Onaninso kuti wofuna marekodi akhoza kukhala bungwe limene kunalibe pamene pepalalo linkalembedwa. Bungwe loona za ngongole za ophunzira, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, koma linapatsidwanso ntchito yotolera ngongole kwa anthu amene anaphunzira zaka zambiri ilo lisanabadwe. Ntchito yotere imaima pa mafomu amene wina anasunga kapena sanasunge kalelo. Pomwe fomu palibe, boma limataya ndalama zimene zikanaphunzitsa mwana wina. Pomwe fomu ilipo koma risiti yobwezera inasowa, munthu wosalakwa amalipira kawiri. Ndipo masukulu a ukachenjede omwe si a boma, amene achuluka zaka zapitazi pansi pa uyang'aniro wa bungwe la NCHE, ali ndi funso lowawa kuposa apa: sukulu ikatsekedwa, kaundula wa ophunzira ake apita kuti? Ndikuona kuti chilolezo chotsegula sukulu chisamaperekedwe popanda yankho la funso limenelo.

Kodi makompyuta sathetsa zonsezi? Si kungosikana mapepala onse basi?

Makompyuta amathandiza kwambiri, ndipo palibe wanzeru angafune kubwerera ku kaundula wolemba pamanja. Koma chisokonezo chikasikanidwa chimakhalabe chisokonezo. Zithunzi masauzande a mapepala zokhala ndi mayina ongopatsidwa ndi makina, popanda chosonyeza kuti ichi ndi cha wophunzira uti, chaka chiti, ndi makatoni aja omwe, kungoti tsopano saoneka ndi maso ndiye sadetsanso nkhawa munthu. Ntchito yolemetsa pa kusikana ndi kulemba mndandanda wolondola, ndipo imeneyo imafuna munthu wodziwa mapepalawo. N'chifukwa chake ndondomeko iyenera kutsogola. Kulipira anthu kuti asikane mapepala amene anayenera kutayidwa zaka 10 zapitazo n'kuwononga ndalama kawiri.

Chachiwiri, zolembedwa za pakompyuta zimakalamba msanga kuposa pepala. Kaundula wolembedwa ndi inki mu 1970, ngati sananyowe, amawerengeka lero ndi maso okha. Malikisi amene anasungidwa pa disiketi m'ma 1990 amafuna makina amene maofesi ambiri alibenso, ndi pulogalamu imene inasiya kugwiritsidwa ntchito. Yunivesite ikasintha dongosolo lake la pakompyuta losungira za ophunzira, kawirikawiri amasamutsa za ophunzira amene alipo, zakale n'kutsalira mu seva yakale, yomwe imakhala pakona mpaka tsiku limene idzakane kuyaka. Kuzimazima kwa magetsi kumafupikitsanso moyo wa makinawa. Pepala ukaliiwala pamalo ouma limadikira. Za pakompyuta zimafuna kusamutsidwa ndi kuyesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo ndalama yake iyenera kukhala mu bajeti ya chaka chilichonse.

Chachitatu ndi chikhulupiriro. Pa pepala la malikisi, munthu akasintha 45 kukhala 75, inki imaulula. Pakompyuta sipatsala chipsera, pokhapokha dongosololo litapangidwa kuti lizilemba amene walowa, chimene wasintha ndi nthawi yake, m'malo amene iye sangafufute. Amalawi phunziro limeneli tinaliphunzira mowawa mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, pamene zinadziwika kuti ena ankatulutsa ndalama za boma kudzera mu dongosolo la pakompyuta la IFMIS kenako n'kufufuta zosonyeza kuti malipirowo anachitika. Zimene zinachitika ndi ndalama zikhoza kuchitika ndi malikisi. Palinso chizolowezi chatsopano chimene chikudya marekodi mwakachetechete: zigamulo za ntchito zikupangidwa pa gulu la WhatsApp ndi pa imelo za anthu eni ake. Mkulu wa dipatimenti akaloleza pa WhatsApp kuti wophunzira alembe mayeso apadera, chilolezocho chili mu foni ya munthu, ndipo foniyo ikabedwa pa depoti umboni wapita. Kuletsa WhatsApp sikungatheke. Chotheka n'kulamula kuti chigamulo chilichonse chikapangidwa kumeneko chilembedwe m'njira ya ofesi tsiku lomwelo, apo ayi sichinapangidwe.

Nanga moto ndi madzi?

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro umenewo zinathera pomwepo; olemba mbiri ya dziko lino amakumanabe ndi dzenje limenelo. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa. Mu September 2020 nyumba yaikulu ya maofesi ku Makerere University ku Uganda, momwe munali maofesi a zachuma ndi a ogwira ntchito, inapsa. Mu April 2021 moto wolusa kuchokera kuphiri unatentha laibulale ya Jagger ku University of Cape Town, sukulu imene ndalama sizisowa ngati kuno. Ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anatikumbutsa kuti madzi ndi matope nazonso zimalowa m'nyumba. Palibe sukulu ingateteze mapepala ake onse ku ngozi zotere. Ingathe kuteteza ochepa amene popanda iwo singayambirenso: kaundula wa omaliza maphunziro, maminitsi a khonsolo ndi seneti, zikalata za malo, marekodi a malipiro ndi penshoni. Amenewa akhale ndi kope lachiwiri kutali, mu mzinda wina. Kope lachiwiri lokhala m'kabati yoyandikana ndi seva limapsa limodzi ndi sevayo. Koma kuti udziwe ochepa oti uwateteze motere, uyenera kuti unasankha kale, ndipo tabwereranso ku ndondomeko ija.

Malamulo a dziko akuti chiyani? Ena amati tsegulani, ena amati bisani, kodi sakutsutsana?

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso, la Access to Information, linavomerezedwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Limakhudza mabungwe a boma, kuphatikizapo mayunivesite a boma, ndipo limafuna kuti bungwe likhale ndi mkulu woyankha zopempha za anthu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection la mu 2024, limafuna kuti zokhudza munthu zisonkhanitsidwe pa chifukwa chodziwika, zitetezedwe, ndipo zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunika. Palinso National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe inayamba mu 1947 ndipo ili ndi lamulo lake la mu 1975, imene ndi mlonda wa zolembedwa za boma zoyenera kukhala mpaka kalekale. Malamulowa amaoneka ngati akukokerana, koma onse amafunsa bungwe chinthu chimodzi: kodi ukudziwa zimene uli nazo, ndi chifukwa chimene uli nazo? Mtolankhani akapempha mgwirizano wa ntchito yomanga, sukulu yodziwa mafayilo ake imautulutsa msanga, itaphimba zokhudza anthu pawokha. Sukulu yosadziwa imachedwa, ndipo kuchedwako anthu amakuyesa kubisa, ngakhale pamene palibe chobisika.

Kodi chilolezo chotaya mapepala sichidzakhala njira yobisira zoipa?

Ili ndi funso lolemera kuposa onse, ndipo mantha ake ndi oona. M'dziko limene mafayilo a milandu amamveka kuti asowa, munthu akamva kuti bungwe la boma likufuna mphamvu yowononga mapepala ali ndi chifukwa chokwezera nsidze. Koma onani kumene wakuba amabisala. Pamene palibe ndondomeko, fayilo ikasowa palibe anganene ngati yabedwa, yatayidwa kapena ili pansi pa mulu. Chisokonezo ndi chimene chimamuteteza. Pamene ndondomeko ikunena kuti mavawucha a ntchito yakuti ayenera kukhalapo mpaka chaka chakuti, mu ofesi yakuti, kusowa kwawo ndi mlandu wokhala ndi mwini. Kutaya kovomerezeka kumasiyanso mapazi: pamalembedwa chikalata chonena zimene zawonongedwa, tsiku, ndime ya ndondomeko imene yalola, ndi anthu osachepera awiri a maofesi osiyana amene asaina, ndipo chikalata chimenecho sichitayidwa. Pamwamba pa izo pakhale lamulo losaphwanyika lakuti nkhani ikakhala kukhoti, kwa odita, ku bungwe lothana ndi ziphuphu kapena pamene wina wapempha zidziwitso, kutaya kulikonse kokhudza nkhaniyo kuime, ngakhale nthawi itakwana.

Mantha ena ndi a olemba mbiri, oti chimene lero chikuoneka chopanda ntchito mawa chidzakhala chuma. Nawonso ali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake katswiri wa zakale ayenera kukhala ndi mawu fayilo isanawonongedwe. Mu February 2011, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za zimene anaphunzitsa m'kalasi. Maphunziro anaima miyezi yambiri, aphunzitsi anayi anachotsedwa ntchito, ndipo pambuyo pake anabwezeredwa. Makalata, maminitsi ndi zidziwitso za chaka chimenecho, ngakhale zija zimene pa chaka wamba zikanatayidwa, ndi mbiri ya ufulu wa maphunziro m'dziko lino, ndipo ndondomeko yabwino imapereka mpata woti zoterezi zipatulidwe. Yunivesite imene imaphunzitsa ana a anthu kufufuza umboni iyenera kusunga umboni wa zochita zake, kuphatikizapo umene suikometsa.

Sukulu yopanda ndalama zambiri iyambire pati?

Iyambe ndi kuyenda. Anthu awiri kapena atatu, atanyamula kope ndi cholembera, alowe chipinda chilichonse chimene muli mapepala, atsegule kabati iliyonse, afunsenso a makompyuta za seva iliyonse, n'kulemba zimene zilimo, za zaka ziti, ndi amene amasunga kiyi. Ntchitoyi imafuna masabata, osati ndalama za kunja. Ikatha, chinthu choyamba kupulumutsa ndi kaundula wa onse amene anapatsidwapo digiri, dipuloma kapena satifiketi kuyambira chaka choyamba cha sukuluyo: afananizidwe ndi maminitsi a seneti ndi timabuku ta mwambo wopereka madigiri, mipata ilembedwe poyera, ndipo kope lina litumizidwe kutali. Makatoni ofunika achoke pa simenti akwere pa shelefu, atalikirane ndi khoma ndi mapaipi a madzi. Ogwira ntchito akale a ku registry amene atsala pang'ono kupuma akhale pansi ndi wachinyamata wolemba, afotokoze kumene chilichonse chili ndi momwe manambala a ophunzira ankaperekedwera zaka zosiyanasiyana. Kenako khonsolo itchule munthu mmodzi, ndi dzina la udindo wake, amene adzayankhe chaka chilichonse pa za marekodi a sukulu yonse, monga momwe mkulu wa zachuma amayankhira pa za ndalama, ndipo lipoti lake lilowe m'maminitsi.